Mkono wa Mleme

Pa koleji yophunzitsa anthu oyeza magazi panali mtsikana wina amene anzake ankamutcha Mleme. Dzinali sanalitole panjira, anachita kuligwirira ntchito. Loweruka lililonse masana, anzake akuchapa ndi kuyanika, iye ankapachika bulangete pazenera la chipinda chake ku hositelo, n'kukhala mumdima ndi laputopu pamiyendo, kuonera mafilimu a mavampaya. Mavampaya, kwa inu amene Mulungu anakutetezani kuti musawadziwe, ndi anthu akufa amene anakana kugona m'manda, ndipo amapitiriza moyo poyamwa magazi a anzawo. Tonsefe munthu wotere tingamuthawe osayang'ana m'mbuyo. Koma a m'mafilimu a Mleme anali anyamata osalala, ovala majekete aatali, ndipo asanakulume ankayamba akuuza kuti akhala akukufunafuna zaka mazana anayi.

Zaka mazana anayi! Mleme akamva mawu amenewo ankagwira pachifuwa, misozi ili lengelenge. Anyamata a m'kalasi mwake sankatha kumudikira pageti ngakhale mphindi khumi. Akachedwa pang'ono ankapeza apita kukaonera mpira. Ndiye onsewo anawafufuta m'kaundula wa anthu oyenera kukondedwa. Chimene ankalakalaka ndi chimene atsikana a m'mafilimuwo ankadzuka nacho m'mawa: timabala tiwiri toyandikana pakhosi, chizindikiro choti wina wakusankha pakati pa anthu onse a padziko. Tsiku lina anatijambula yekha ndi cholembera chofiira n'kupita nato m'kalasi. Mphunzitsi anamufunsa ngati matiresi ake ali ndi nsikidzi.

Nthawi yotsala ku mafilimu Mleme ankaipereka ku yoga yotentha. M'tauni, pamwamba pa sitolo yogulitsa misomali ndi penti, panali chipinda cha mazenera omatidwa, magalasi khoma lonse, ndi mahita anayi otenthetsa chipindacho m'makona. M'menemo anthu anzeru zawo ankayala timphasa ta labala n'kumapinda matupi kwa ola ndi theka, thukuta lili chuchuchu. Bambo ake a Mleme anagwira ntchito pa uvuni wa bekale zaka makumi awiri, ndipo thukuta ngati limeneli ankalandirira malipiro. Mwana wawo wophunzira ankachita kulilipirira. Sukulu ndi yabwino ndithu.

Komanso tisanamizire yoga pachabe. Chimene chinkamukweza Mleme masitepe aja ndi mphunzitsi wake, mnyamata wamtali, wowonda, wamaso olowa, wolankhula monong'ona ngati akulengeza maliro, wosaseka ngakhale mwangozi. Mleme atangomuona anadziwa kuti munthuyu wasenza chisoni cha zaka mazana ambiri. Ena a m'kalasimo ankati ndi zilonda za m'mimba.

Koma mphatso imodzi yeniyeni Mleme anali nayo, ndipo sanaivutikire. Pa kolejipo ophunzira amayamba ndi kubaya mkono wa labala, akauzolowera amayamba kubayana okhaokha. Apa ndiye pamavuta, chifukwa anthu ena mitsempha yawo inabisala ngati ili ndi mlandu. Ya Mleme inali poyera. Ukangomanga lamba pamwamba pa chigongono, mtsempha wapakati unkatukuka, wonenepa, wowongoka, wosathawa singano. Aphunzitsi ankaitana kalasi yonse kuti idzauone. Mtsikana amene mayeso olemba ankangokhoza mwa chisomo anatchuka koleji yonse chifukwa cha mkono, ndipo ankayenda nawo ngati digiri.

Bedi lake linali lapamwamba. Pansi pankagona Amayi a Mapasa, a zaka makumi anayi, amene anakolopa pa kachipatala kena zaka khumi ndi zinayi akuonerera anzawo ovala makhoti oyera akutenga anthu magazi, mpaka tsiku lina anatsamiritsa mopu pakhoma n'kubwerera kusukulu. Ana awo anawasiyira akulu awo. Za m'mabuku ankazidziwa kuposa aliyense m'kalasimo. Vuto linali manja. Sisita woyesa mayeso akangoima kumbuyo kwawo ndi pepala, manjawo ankayamba kunjenjemera, moti mayeso otenga magazi anali atalephera kale kamodzi. Lamulo la pa kolejipo silinkapita m'mbali: pa mayeso umabaya kawiri kokha, ndipo ukalephera mayesowo kachiwiri umalongedza katundu. Mayeso obwereza anali Lachitatu, leveni koloko m'mawa, ndipo wobwereza ankaloledwa kusankha yekha mnzake womubwereka mkono.

Lamlungu masana Amayi a Mapasa anakoka mwendo wa Mleme umene unkalendewera kuchokera pamwamba.

"Iwe mng'ono wanga, tayamba waimitsa amuna ako akufawo. Lachitatu undibwereke mkono."

Mleme anachotsa timawaya m'makutu n'kutambasula dzanja monga amachitira m'mafilimu. "Amayi, magazi anga ndi anu, mpaka dontho lomaliza."

"Dontho lomaliza ukapatse mizukwa yakoyo. Ine ndikufuna kabotolo kamodzi basi. Koma tamvera. Kuyambira Lachiwiri uzimwa madzi, m'mawa mwake udye, ndipo ku uvuni kwako kuja usakapondeko. Mukamatuluka kumeneko mumakhala mutauma ngati chikopa, mtsempha ungaupeze kuti?"

"Aa, Amayi, mukunditenga ngati mwana?"

"Ndili nawo awiri, ndiye ndimadziwa akamayankha choncho."

Lachiwiri Amayi a Mapasa anadzaza madzi chibotolo chachikulu n'kuchiika kumutu kwa bedi la Mleme. Mleme anamwako pang'ono, mwaulemu. Madzulo a tsiku lomwelo foni yake inalira: uthenga wochokera kwa mphunzitsi wa yoga. Mawa seveni koloko m'mawa kuli kalasi yapadera yoyeretsa thupi. Mubwere m'mimba mulibe kanthu, osamwa ngakhale madzi. Ndikudikirani.

Uthengawo unapita ku gulu la anthu makumi anayi, koma Mleme anauwerenga ngati kalata yomufunsira. Munthu wamoyo wanena yekha kuti amudikira! Anayamba masamu. Seveni koloko kuwonjezera ola ndi theka ndi hafu eyiti. Mayeso ndi leveni. Pakatipo pali nthawi yomwa madzi okwana kuthirira dimba. Ndipo mkono ngati wake ungasowe mtsempha chifukwa cha kathukuta ka m'mawa umodzi? Masamuwo anatuluka bwinobwino, monga amatulukira masamu a munthu amene wasankha kale.

Lachitatu Amayi a Mapasa analawirira kuchipinda chophunzirira kuti akabayeko mkono wa labala komaliza. Potuluka anagwedeza bedi lapamwamba. "Madzi, iwe."

"Mmm," anatero Mleme m'bulangete, atavala kale zake za yoga.

Tsiku limenelo mahita anali asanu. Mleme anayala kamphasa kake kutsogolo kwenikweni, kuti womudikira asavutike kumufunafuna. Mphunzitsi ananong'ona kuti zoipa za m'thupi sizituluka mwachangu, choncho ola ndi theka linasanduka maola awiri ndi theka. Thukuta linayamba n'kudontha, kenako linkayenda, kenako linasiya, ndipo Mleme anaganiza kuti ndiye kuyera kumeneko. Chakumapeto mphunzitsi uja anabwera molunjika kwa iye, naima pafupi, nawerama. Mtima wa Mleme unagunda mpaka m'makutu.

"Inu a mphasa yobiriwira," ananong'ona, "mukutchinga galasi. Tasunthirani uko."

Chaka ndi theka akukwera masitepe aja, dzina lake linali mphasa yobiriwira. Koma Mleme anali ataonera mafilimu okwanira kuti adziwe kuti amuna achisoni amabisa chikondi chawo m'mawu ouma. Anasuntha akumwetulira.

Masitepe anatsika atagwirira khoma. Basi imene anakwera inakaima pamzere wa magalimoto pafupifupi ola lathunthu, ndipo anafika ku hositelo nthawi itatsala pang'ono kukwana leveni. Anakankhira thaulo lonyowa ndi kamphasa pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi ya Amayi a Mapasa. Anapendeketsa chibotolo chija, koma atangomeza katatu mseru unamukwera. Madzi otsalawo anawakhuthulira m'sinki kuti pasakhale mafunso, navala khoti loyera n'kuthamanga.

M'chipinda cha mayeso munali mpando wa chotsamira mkono, thireyi ya singano, thonje ndi timabotolo, ndi Sisita woyesa mayeso ataima ndi pepala lawo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Amayi a Mapasa anachita zonse mwa buku. Anapereka moni, anafunsa dzina, anasamba m'manja, anavala magolovesi, analemba pakabotolo. Manja awo tsikulo anali phee, moti Mleme mtima unakhala m'malo. Amayiwo anamanga lamba n'kuika chala pamalo pamene koleji yonse inkapadziwa.

Panalibe kanthu.

Anasisita, anagogoda ndi zala ziwiri, anauza Mleme kuti afumbate chibakera. Anamasula lamba n'kuyesa mkono winawo, koma uko kunali koipirapo. Anabwerera ku woyamba uja. Kenako anakweza maso.

"Wamwa madzi, mng'ono wanga?"

Sisita anasiya kulemba. Mleme lilime linali litamatira m'kamwa. Apa panangofunika mawu amodzi oona, ndipo mayeso akanaimitsidwa. Koma ndiye kuti Sisita akanamva, ndipo kalasi yonse ikanamva, kuti mkono wotchuka uja mwini wake wakauphika m'tauni chifukwa cha mnyamata wosadziwa dzina lake.

"Botolo lonse, Amayi," anatero.

Amayi a Mapasa anagwedeza mutu movomereza. Ngati mwana wamwa madzi, ndiye kuti mtsempha ulipo, zala zawo ndi zimene sizikuumva. Pomwepo manja anayamba kunjenjemera. Anapukuta ndi sipiriti n'kulowetsa singano pamene mtsempha unkakhala masiku onse. Kabotolo kanakhala kouma. Anatulutsa, anatenga singano ina, anapuma kawiri, nabaya pambali pang'ono. Kadontho kamodzi kanaonekera kukamwa kwa kabotolo, kenako zii.

"Masulani lamba, mayi," anatero Sisita. Sanakalipe, ndipo bwenzi kuli bwino akanakalipa. "Ngakhale mkono wa uyu? Uwutu ndi umene timaphunzitsira a chaka choyamba."

Amayi a Mapasa anamasula lamba, anapsinja thonje pamabala, anamata pulasitala mosamala, nataya singano m'bokosi lake. Mpaka kumapeto sanadumphe sitepe ngakhale imodzi. Potuluka anathokoza Sisita.

Masana Mleme anali chigonere pabedi lapamwamba, mutu ukumuwaza, atayang'ana kukhoma. Pansi pankamveka mabuku akusanjidwa.

"Usadandaule, mwana iwe," Amayi a Mapasa ankalankhula uku akupinda khoti loyera. "Iwe mbali yako wachita. Manja awa ndi a mopu, ndinkangowakakamiza."

Mleme anamva mawuwo akumulasa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analira popanda nyimbo zoimbira kumbuyo. Koma pakamwa sanatsegule. Anamva Amayi akugwada, anamva sutikesi ikukwekwereka kuchokera pansi pa bedi, kenako chinthu chonyowa chinagwera pasimenti, phwa. M'chipindamo munadzaza fungo la thukuta.

Mleme atasuzumira anaona Amayi a Mapasa atanyamula thaulo lija ndi manja awiri, akuliyeza kulemera kwake. Anapita nalo pasinki n'kulifinya monga munthu wofinya mopu zaka khumi ndi zinayi, kamodzi kokha, madzi onse n'kutha. Analiyanika pamsomali. Kenako anatenga kapu, anathiramo madzi, shuga ndi kamchere, anatakasa, n'kuipereka pamwamba.

"Imwa. Pang'onopang'ono, ungasanze."

"Amayi, ndipita kwa Sisita. Ndikanena zonse."

"Pita ngati ukufuna. Koma akakuuza zimene ndikudziuza ine. Wotenga magazi amayang'ana milomo ya wodwala, amatsina khungu n'kuona ngati likubwerera. Ine ndinazidziwa zimenezo ndili ndi mopu m'manja. Lero ndasiya zala zanga n'kukhulupirira pakamwa pako." Anatseka sutikesi ndi bondo. "Ndipo thaulo uziyanika, limanunkha."

Mleme anapitadi kwa Sisita m'mawa mwake, tisamunamizire. Anafotokoza zonse, za mahita asanu ndi za chibotolo cha m'sinki. Sisita anamvetsera mpaka kumapeto, kenako ananena ndendende zimene Amayi ananena, nawonjezera kuti nthawi yolankhula inali dzulo, pamene anafunsidwa. Pamene Mleme ankabwerera ku hositelo anapeza bedi lapansi latsala matiresi okha.

Loweruka masana anzake anali kunja akuchapa. Bulangete linali pazenera monga mwa masiku onse, laputopu ili pamiyendo, ndipo mnyamata wa jekete lalitali anali atangoyamba kufotokoza za zaka mazana anayi. Pulasitala uja anali atayamba kunyerenyesa, ndiye Mleme anamumatula. Chifukwa cha mdima sankaona bwino, choncho anatsika n'kukanganula bulangete lija pazenera.

Pamkono pake panali timabala tiwiri toyandikana, tozungulira bwino, khungu la m'mbali litadera. Ankatifuna pakhosi, koma tinali tomwe tija. Wina anamusankhadi pakati pa anthu onse a pa kolejipo.