Mpweya wa Nyimbo Imodzi

Ndinafunditsa chitenje makina anga osokera pakhonde la sitolo ya nsalu ku Area 2 dzuwa litangoyamba kuwawa. Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, ndipo madiresi a ukwati amene ndinalonjeza anthu anali asanathe. Wezi, mwana wa mnzanga NyaGondwe, anali atangondiimbira foni.

"Anti, adokotala atiuza kuti amama tibwere nawo kunyumba. Tafika nawo dzulo. Amama akuti mubwere mudzawaimbire nyimbo yawo ija."

Chipatala chikabweza munthu chotero, tonse timadziwa chimene chatsala.

NyaGondwe anachokera ku Rumphi, anagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma. Tinaimba limodzi m'kwaya ya mpingo wathu zaka zambiri, iwo mawu okwera, ine otsika. Anandiphunzitsa nyimbo ina ya Chitumbuka imene amayi awo ankaimba, ndipo mumpingo monse palibe wina amene amaidziwa yonse. Koma ine sindilinso Naphiri wakale amene ankaimba pamaliro mpaka kucha. Chaka chatha anandipeza ndi matenda a mtima. Ndikayenda mwachangu kapena kulankhula nthawi yaitali, befu amandigwira, mawu n'kuthawa mpaka mawa lake. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mphamvu za tsiku ndikazithera m'mawa, madzulo kulibe kokatapa zina. Choncho ndinanyamuka ndikudziwa kuti m'chifuwa mwanga muli mpweya wa nyimbo imodzi, ndipo pakati pa ine ndi Area 43, kumene NyaGondwe ankakhala, pali mzinda wonse.

Mayesero anayambira pafupi. Ndikutsetsereka ku Malangalanga kupita kudepoti, mayi wina wogulitsa tomato, amene timapemphera naye Lachisanu, anandikodola.

"ANaphiri, Mulungu ndi wabwino, ndimakuganizani! Mwana wanga uja wayambiranso mowa. Takhalani pathumbapa ndikuuzeni."

Masiku onse ndikanakhala. Ndikanamvetsera, ndikanalira naye, ndikanapemphera mpaka tomato kufota. Tsikulo ndinangowerama, n'kuomba m'manja pang'ono.

"Pepani, amayi. Ndili pa ulendo wa matenda. Mawa ndibwera ndidzakhale."

Nkhope yake inagwa. Ndinapitirira mtima ukundiimba mlandu. Ndinakumbukira kuti Ambuye potuma ophunzira awo anawaletsa kulonjera anthu panjira. Kuyambira ndili mtsikana mawu amenewo ankandivuta, chifukwa kwathu munthu wodutsa osapereka moni amatchedwa mfiti. Pa Malangalanga paja ndi pamene ndinayamba kuona kuti wotumidwa amafunsidwa za kumene anatumidwa.

Kudepoti kunali fumbi, utsi ndi phokoso la oitanira. Minibasi ya ku Area 12 yodzera ku City Centre inali itayamba kale kusuntha chapatali, ndipo ina inaima pafupi nane yopanda anthu. Ndinalowa yopanda anthuyo n'kukhala pafupi ndi chitseko.

"Masteni, iyi ichedwa," anatero kondakitala. "Inayo yatsala munthu mmodzi. Thamangani!"

"Kuthamanga ndinakusiyirani inu, achimwene."

"Ndiye musadandaule tikagona pano."

"Ndikagona mundidzutse."

Anaseka, nalandira K1,500 yanga. Tinadikira mpaka mipando inadzaza, ena atanyamula mabokosi, wina nkhuku ziwiri m'jumbo zotulutsa mitu ngati nazonso zalipira. Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe magalimoto anathinana monga mwa masiku onse. Pansi pake anthu a kaunjika anali atayala zovala zawo, ndipo madzi anali ochepa, akuda, oyenda mwaulesi. M'minibasi munabuka mkangano wa mtengo wa mafuta. Ndinali ndi maganizo anga pa nkhaniyo, abwino ndithu, koma ndinawameza. Ndinatseka maso n'kumabwereza nyimbo ija mumtima, ndime ndi ndime, kuti pasapezeke potsalira.

Titadutsa nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi n'kufika ku City Centre, anthu ambiri anatsika. Dalaivala anayang'ana ife otsala atatu, nati galimoto yathera pomwepo. Linali dzuwa la paliwombo. Sindinakangane naye, ngakhale kuti mlandu unali wake. Ndinapita pansi pa mtengo, ndinagula nthochi ziwiri ndi botolo la madzi, ndinamwa mankhwala anga, n'kukhala pa mwala kudikira kuti mtima ukhazikike.

Chapafupi, anthu a m'maofesi anali akusonkhana pa mapemphero a nthawi ya lanchi, azibambo a mataye ndi azimayi a nsapato zazitali, Malemba ali m'mafoni. Pakati pawo panali a Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu, amene amagwira ntchito mu imodzi mwa nyumba zosanjikizana zija. Anandiona.

"ANaphiri! Apa ndiye Mulungu watumiza yekha. Wotitsogolera nyimbo sanabwere. Bwerani mutiyambitsire makolasi awiri basi."

"Lero sindikwanitsa, abambo."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. "Inu? Chikhalire sindinakumveni mukukana ntchito ya Ambuye."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi amene ndakhala ndikudziopseza nawo moyo wanga wonse. Milomo inayamba kale kuvomera. Kodi makolasi awiri ndi chiyani? Koma ndimawadziwa makolasi a panja: awiri amabala asanu, ndipo wotsogolera amayenera kupambana phokoso la magalimoto.

"Ntchito ya Ambuye ikundidikira ku Area 43," ndinatero. "Kolasi aliyense pano angayambitse. Nyimbo imene NyaGondwe akufuna ndi ine ndekha amene ndikuidziwa."

"NyaGondwe? Si ali kuchipatala?"

"Awatulutsa."

A Kachingwe anavula magalasi awo. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kupepesa. Anangotuluka kupita kumsewu, naimitsa wakabaza wa njinga yamoto, namulangiza ngati akumupatsira mazira kuti anyamule.

Wakabazayo anatchula K3,000. Chisoti chinali chimodzi, chake. Tinadutsa misewu ya mbali ya Area 12 ndi Area 10, kumene mitengo ya jakaranda inali itagwetsa maluwa ake ofiirira pamsewu ponse. Kumeneko kulibe phokoso. Umangoona mipanda, mageti ndi antchito oyenda pansi m'mbali mwa msewu, ena atasenza mapaipi othirira maluwa. Ku Area 43 mipanda imatalika kuposa pamenepo, ndipo nyumba zina zikumangidwabe. Pamene phula linathera, wakabaza anaima.

"Mami, ndi pompano. Mungokwera kamtunda aka, geti yakuda ija."

Ndinayang'ana kamtundako. Kale ndikanatsika, n'kumuthokoza, kuopa kuoneka wovuta.

"Tinagwirizana pageti, bambo."

"Msewu uwu umadya matayala."

"Ine ungandidye mtima. Tiyeni."

Anang'ung'udza, koma anandifikitsa.

Panja pa nyumbayo panali magalimoto, pakhomo mulu wa nsapato. Amayi a mpingo anali atadzaza pabalaza, atavala zoyera zawo, akuimba kuyambira m'mawa. Wezi anandichingamira maso ali ofiira, nandinong'oneza kuti gulu lililonse lobwera limafuna kulowa kuchipinda, ndipo amayi ake, posafuna kukhumudwitsa alendo, amadzuka n'kupereka moni kwa mmodzimmodzi. Tsopano anali atakomoka ndi tulo, ndipo Weziyo anali atakhoma chitseko.

Nditangolowa, Mayi Mbewe, amene amatsogolera gulu lathu la amayi, anakweza manja.

"Afika eni ake nyimbo! ANaphiri, tatopa kukoka tokha. Imirirani mutinyamule."

Maso onse anali pa ine. Awa ndi amayi amene tasenza nawo nkhuni za pamaliro, amene anandizonda ine ndili gone. Kukana mlendo panjira ndi kwina, kukana awa ndi kwina.

"Mundikhululukire, amayi. Ndabwera kudzaimbira wodwala. Ndikhala chete mpaka adzuke."

"Nanga ifeyo tikuimbira ndani? Makoma?"

Ena anaseka, ena ayi. Ndinakhala pamkeka pakona, msana kukhoma. Pambali panga wina ananena motsitsa mawu, koma mofuna kuti ndimve, kuti matenda ena amabwera ndi matama. Nyimbo zinapitirira, mawu otsika akusowa, ndipo khosi langa linkayabwa pofuna kudzaza mpatawo. Ndinaganiza za anamwali aja a m'fanizo amene anakana kugawira anzawo mafuta a nyale. Ndakhala ndikuwaona ngati ouma mtima. Pamkeka paja ndinadzifunsa ngati nawonso mtima sunkawapweteka pokana.

Dzuwa linapendeka. Anabweretsa tiyi ndi buledi, ena anatsazika. Chitseko cha kuchipinda sichinatseguke. Apa mantha anandigwira: bwanji ngati sadzukanso? Ndiye kuti ndakana mayi wa tomato, ndakana mkulu wa mpingo, ndachita manyazi pamaso pa anzanga, n'kubwerera ku Area 2 nyimbo ili m'chifuwa. Ndinapemphera osatsegula pakamwa. Sindinapemphe kuti achire, pakuti zimenezo zinali m'manja mwa Mwini wake. Ndinapempha kuti adzuke kamodzi kokha.

Mithunzi ya mpanda itafika pakhonde, Wezi anasuzumira n'kundikodola.

NyaGondwe anali atachepa ngati mwana pabedi lalikulu lija. Anatembenuza maso okha.

"ANaphiri. Mwachedwa."

"Ndinafika kale. Ndimasunga mpweya."

"Wanga watha," anatero. "Imbani ndi wanu. Ine ndibwereke."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndinagwira dzanja lawo, ndinayamba motsitsa. Ndime yoyamba inatuluka bwino. Pa yachiwiri milomo yawo inayamba kuyenda pamodzi ndi yanga, popanda mawu. Pabalaza anthu analeka kuimba. Pofika ndime yomaliza chifuwa chinali chitayamba kuthina, ndipo ndinkapuma pakati pa mzere, pamene kale sindinkapumapo. Koma ndinaimaliza, mpaka liwu lotsiriza.

NyaGondwe anatseka maso. Kenako anafinya chala changa.

"Chitumbuka chanu chikadali choipa," ananong'ona. "Koma mwaimba yonse."

Mwamuna wa Wezi ananditengera kwathu pagalimoto dzuwa likulowa. Anayesa kucheza nane panjira, koma mawu anga anali atatha, ndinkangogwedeza mutu. NyaGondwe anatisiya Loweruka m'mawa. Wezi akuti kuchokera Lachinayi lija sanalankhulenso zomveka.

Kale ndinkayesa kuti kutumikira Mulungu ndi kuvomera aliyense amene wandiitana, ndipo kuti kutopa ndiko umboni wa chikhulupiriro. Iye amadziwa kuti ndife fumbi, ndipo tsiku lililonse amatipatsa muyeso wake, osati wa dzulo. Tsopano m'mawa, ndisanavundukule makina, ndimayamba ndamufunsa kuti mphamvu za lero wandipatsira yani. Pamaliro a mnzanga sindinaimbe. Ndinakhala pansi pakati pa amayi, ndipo anaimba bwino popanda ine.