Kalata yosamukira ya amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndale za zipani zambiri zitangoyamba kumene, pamene aphunzitsi athu ku Nkhamanga anatiuza kuti tilembe mayina a makolo athu, kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinkaleredwa ndi ankhazi, achemwali awo a bambo. Mayina akuchimuna ankhaziwo ananditchulira mpaka pepala kudzaza, uku akusoka fodya m'chigafa. Nditafunsa za amayi, sanadzutse n'komwe mutu.

"Ng'ombe za malowolo tinapereka, mwana wane. Ndiwe wa kuno. Za uko n'zantchito yanji?"

Ndinapsa mtima. Munthu wondibereka ankangotchulidwa kuti "NyaPhiri uja wa kumwera", ngati kumwera ndi mudzi!

Loweruka ndinazemba ntchito ya fodya n'kupita kwa mlembi wa mpingo wathu, mkulu wina wofatsa. Anandiuza kuti mkhristu akasamuka amabwera ndi kalata yochokera kumpingo wake wakale. Anatsegula kabati yonunkha mileme, n'kufufuza mpaka anaipeza kalata ya amayi, m'mbali mwake mutadyedwa ndi chiswe. Munali dzina la amayi, Esinati, mudzi wawo ku Dedza, ndi mpingo umene anabatizidwirako. Ndinakopera pachikuto cha kope langa.

"Yewo chomene," ndinathokoza, misozi ili chuchuchu.

"Usataye, mwana wane," anayankha.

Kunyumba ankhazi anandikwapula ndi nthambi ya pichesi chifukwa chosiya fodya. Sindinalire. Kope lija ndinali nditalibisa m'malaya.

Cholakwa changa chinali kudikira kuti ndikule. Ndinapita ku Dedza nditayamba kale ntchito. M'buku la ubatizo kumeneko ndinapezamo amayi, ndi dzina la mayi wawo, Feliya. Anthu anandilozera nyumba yawo, koma amayi aang'ono amene ndinawapeza anangonditengera kumanda. Agogo Feliya anali atamwalira chaka chapitacho. Akuti akamva basi ya kumpoto ankafunsa ngati mwana wa Esinati watsikamo.

Kumeneko ndinamvanso kuti ankhazi anali nawo pa ulendo wokamanga ukwati wa bambo ndi amayi. Njira ankaidziwa bwinobwino. Anthu amati ndikhululuke poti anandilera, koma chilungamo chake mtima ukundiwawabe mpaka lero.

Ndinazindikira mochedwa kuti dzina la mkazi limasowa msanga ngati palibe wolimenyera nkhondo, ndipo pepala limadikira koma munthu sadikira. Mwana wanga woyamba ndinamutcha Feliya. Ankhazi amamuitana ndi dzina limeneli tsiku ndi tsiku.