Mwana Wanu Pantchito

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzira ku Toronto, mnzanga wa ku Zambia ananditengera kudoko kukaona sitima yankhondo yopuma pantchito. Sitimayo inamenya nkhondo kalekale. Tsopano anali ataimangirira ndi zingwe ngati ng'ombe yokalamba, ana asukulu n'kumakwera pamizinga yake akunyambita ayisikilimu. Ine, chitsiru ine, ndinabwereka chipewa cha asilikali apamadzi kwa mlonda, nkhope ndakwinya, dzanja pamzinga, mnzangayo n'kujambula. Chithunzicho ndinatumizira amayi ku Dedza, kumbuyo nditalemba kuti: "Mwana wanu pantchito."

Patatha masabata asanu kunabwera kalata. Analemba ndi amalume, poti amayi sankadziwa kulemba. Ati amayi asiya kudya. Ati azimayi akumpingo akubwera Lachinayi lililonse kudzapempherera chithunzicho, atachikhazika pampando. "Tinakutumiza kusukulu," anatero amalume, "iwe n'kukalowerera nkhondo ya azungu. Anthu ukuwaomberawo akulakwira chiyani?"

Kalanga ine! Ndinadzipsera mtima kwabasi. Ndinalemba masamba anayi: sitimayo siyenda, mizinga anaitseka, adani ake ndi mbalame zimene zimainyera tsiku ndi tsiku. Ndinafotokozanso kuti zinzake anaziphwasula n'kugulitsa zitsulo, iyi inangochita mwayi. Poopa kuti sandikhulupirira, ndinabwererako kukajambulitsanso, wopanda chipewa, ndikumwetulira ngati mkwati, pambali panga gogo wina wachizungu akudya sangweji atatsamira mzinga womwe uja.

Yankho linafika kutayamba kale kuzizira. "Amayi ako ayamba kudya," analemba amalume. "Gogoyo akuti um'patse moni. Koma akuti ndikufunse: sitimayo kwawo n'kuti? Ngati ntchito inatha, bwanji osaiperekeza kwawo ikapume, m'malo moimanga kwa eni kuti anthu aziionerera? Akuti iweyo ukamaliza sukulu asadzakumange choncho."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinam'werengera mnzanga uja m'basi, nayenso anaseka mpaka azungu kutembenuka. Ndinayankha tsiku lomwelo: amayi musade nkhawa, zaka ziwiri zokha, ndikubwera.

Sukulu inatha, ntchito inapezeka, ine n'kumati chaka chamawa, chaka chamawa. Amayi anandidikira zaka zisanu ndi chimodzi. Za maliro awo ndinamvera pa telegalamu ndili ku Etobicoke, dera la ku Toronto komweko, ndipo mpaka lero zimandiwawa.