Mathithi a Kwaya pa Khadi la Fani Imodzi

Khadi langa linali la fani imodzi, ndipo faniyo inali yobenthuka phiko. Ndinaligula m'tauni kwa bambo wina woyala zida za makompyuta pa katoni, amene analumbira kuti langotsika kumene m'kontena, chonsecho linali ndi fumbi la zaka m'mano mwake. Khadilo ndi kachipangizo ka m'kompyuta kamene kamajambula zonse zimene munthu amaona pa sikirini. Anyamata a m'tauni ali ndi makhadi a mafani atatu, owala ngati basi yaukwati. Langa linali la amphawi, koma ndinaligula ndi thukuta langa, ndikugubuduza madiramu a madzi kuchokera pa kiosiki kupita kwa anthu omanga nyumba.

Bokosi la kompyuta ndilo silinali langa. Linali la atsibweni, achimwene awo a amayi, amene kwathu ku komboni ya George timangoti ba ankolo. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba. Bokosilo anawapatsa kunyumba ina imene ankakonza, nadzalisiya kwathu. Chimwalirireni bambo, mawu otsiriza pakhomo pathu anali awo, ndipo mawuwo anali amodzi: ine ndikhale dakaboyi wawo, ndizikanda matope a simenti. Sukulu ndinaisiyira giredi naini. Mphunzitsi anandikwapula ndi paipi chifukwa cha nsapato zong'ambika, ine ndinamulanda paipiyo n'kuiponya padenga, nkhani inathera pomwepo. Sindinapepese nthawi imeneyo, sindikupepesanso pano.

Amayi amaimba mu kwaya ya azimayi ku tchalitchi kwathu, kumene ambiri ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito kuno n'kutsakamira konkuno. Kwayayo inkafuna vidiyo ngati ya anzawo, ija oimba amaima patsogolo pa mathithi, mitambo ikudutsa kumbuyo. Pa msonkhano wawo amayi anaimirira n'kunena kuti, "Mwana wanga aziba kupanga vidiyo." Anandiuza atabwera kale kunyumba.

Ndinabwereka foni ya kamera yabwino, ndinakhoma nsalu yobiriwira pakhoma la tchalitchi. Kompyuta imachotsa chilichonse chobiriwira n'kuikapo chithunzi chimene ukufuna. Ndinawauza azimayi aja momveka bwino kuti avale chilichonse, bola chisakhale chobiriwira. Tsiku lojambula anafika onse atavala zitenje zatsopano, zamasamba akuluakulu obiriwira ngati munda wa chinangwa.

"Ba tcheya, nanga ivi?" ndinafunsa mayi wotsogolera kwayayo.

"Ni yunifomu, mwana wanga. Tasonkha, tasoka. Iwe kopa chabe."

Ndinajambula, mano nditakukuta. Nditafika kunyumba n'kuikapo mathithi, madzi ankatuluka m'chiuno mwa mayi aliyense. Amayi anga anali mutu ndi bulauzi basi, kumunsi konse kuli mtsinje. Ndinayenera kudula mayi mmodzimmodzi ndi dzanja, kumutsatira akamavina, kuti chitenje chake chibwerere. Zinatheka, koma vidiyo inalemera ngati thumba la simenti lonyowa.

Ukamaliza kukonza vidiyo, kompyuta imayenera kuiphatikiza yonse kukhala chinthu chimodzi. Ife timati kurenda. Amayi ankati kuphika, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa ngati yapsa. Vuto linali malaiti. Chaka chimenecho ankabwera m'mawa ana atapita kusukulu, n'kuchoka dzuwa lisanafike pamutu. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kankakwawa, kankakwawa, kakafika poti ukuona kumapeto, thii! Mdima pa sikirini. Ndipo kurenda sikupitirizira pamene unasiyira. Mawa lake umayambiranso pachiyambi. Ndinayesa kuidula m'zidutswa n'kuzilumikiza, koma pa mfundo iliyonse milomo inkatsalira m'mbuyo mwa mawu. Ba tcheya anaona kamodzi kokha nati, "Awe, ine siniimba monga nili na mbatata mkamwa."

Vidiyoyo inkafunika Lamulungu, pa msonkhano umene makwaya a ku Matero ndi ku Chawama ankabwera kwathu. Pakati pa sabata ba ankolo anafika, naima pakhomo la chipinda changa, nsapato zili zoyera ndi simenti. Kwa iwo zonsezi zinali masobela, masewera a ana.

"Iwe mwaiche, mayunitsi ya malaiti yasila na masobela yako. Mvela bwino. Pa Sondo ngati kulibe vidiyo, pa Mande bokosi nigulitsa, iwe ukwela vaneti na fosholo. Wamvela?"

"Namvela. Manje ngati iliko?"

"Ngati iliko, ninshi ni nchito. Nizakusiya."

Ananena pamaso pa amayi, ndiye anali mawu omangika.

Mnzanga wina wokonza mafoni pa msika ndi amene anandionetsa njira. Anandiikira kapulogalamu kokhala ndi timipiringidzo tiwiri tokoka, kena ka liwiro la ubongo wa khadi, kena ka liwiro la pamene limasungira zithunzi. Anati anzathu amati kuovakiloka. Fakitale imalembera khadi liwiro ngati chikwangwani cha pamsewu, koma dalaivala aliyense wa minibasi ya ku George amadziwa kuti injini imatha kupitirira pamenepo. Mtengo wake ndi kutentha. Ndipo unali mwezi wa Okutobala, pansi pa malata opanda siling'i, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

Ndinatsegula chivundikiro cha m'mbali mwa bokosi. Ndinapopa fumbi ndi pampu ya njinga mpaka kuyetsemula zofiira. Pakati pa khadi ndi chitsulo chake choziziritsa pamakhala phala lotuwa. Langa linali litauma ngati dothi la pachulu, ndinalipala n'kupaka latsopano limene mnzanga uja anandigawira pa kapepala. Kenako ndinatenga fani ya patebulo ya amayi, n'kuimangirira pa mpando ndi malegeni kuti iziuzira m'mimba mwa bokosi.

Lachisanu malaiti atangobwera ndinayamba kukoka timipiringidzo pang'onopang'ono. Kukoka pang'ono, kuyesa, kuyang'ana nambala ya kutentha. Kukokanso. Khadi linkalira koma linkapirira. Ndili mkati momwemo, ba ankolo anatulukira, ati adzatenge wilibala imene anasiya kuseri. Anasuzumira, naona bokosi lotsegula, fani yomangidwa ndi malegeni, ine ndili chifuwa pamtunda.

"Iyi ni kompyuta olo ni mbaula? Mlongo, bweletsa poto titeleke ndiyo ya vinkhubala apa!"

Anaseka mpaka kutsamira chitseko. Ine magazi anandithamangira m'makutu. Ndinagwira mausi n'kukankha timipiringidzo tonse tiwiri mpaka kumapeto, kuti aone chimene mbaulayo ingachite. Fani ya khadi inakuwa ngati mwana wa mbuzi. Nkhope ya ba tcheya inasweka kukhala timabokosi tapinki ndi tobiriwira, sikirini inaphethira kawiri, kenako bii.

"Yapsa manje," anatero ba ankolo, nanyamuka ndi wilibala yawo akuimba mluzu.

Ndinamenya ndowa ndi phazi mpaka inakagwera kwa aneba. Ndisanayatsenso n'komwe kuti ndione ngati khadi lafa, malaiti anapita. Tsiku lonselo ndinangokhala ndikulinunkhiza. Linkamveka fungo la fumbi lowauka, osati la pulasitiki yopsa, ndipo ndinagwiritsitsa pamenepo. Amayi sanandifunse ngati yapsa. Anangondiikira chakudya pa mpando n'kutuluka.

Loweruka linali tsiku lotsiriza. Malaiti atabwera ndinadina batani. Fani inazungulira, sikirini inawala. Khadi la amphawi silifa ndi chipongwe chimodzi. Ndinabweza timipiringidzo pamalo pamene ndinafika ndisanapse mtima, ndinawonjezera kachidutswa kamodzi kokha, n'kuyambitsa kurenda. Kamzere kanayamba kuyenda mwachangu kuposa kale, moti ndinaona kuti tikhoza kufika. Koma nambala ya kutentha nayo inkakwera. Dzuwa litagunda malata inasanduka yofiira, ndipo ikafika pamalire ake khadi limadzichepetsa lokha liwiro kapena kuzima kumene.

Nthawi imeneyo ndi imene ba ankolo anasankha kubwera ndi wogula, bambo wina wa shopu yosindikiza mapepala ku Chazanga, wa malaya opita m'thalauza.

"Abwela kuyanganako chabe," anatero ba ankolo. "Bosi, ni iyi. Osayopa malegeni, tizachosa."

Bamboyo anawerama n'kutambasula dzanja kuti atembenuze bokosi aone kumbuyo kwake, kumene kuli nthambo ya malaiti. Ndinaimirira pakati pa iye ndi tebulo. Manja anga ndinawapinda kumbuyo n'kugwiritsitsa lamba, chifukwa ndinkadziwa kumene akufuna kupita.

"Ba bosi, osagwila. Ili pa nchito."

"Iwe, ukamba na ndani so?" anakalipa ba ankolo. "Bokosi ni yako?"

"Bokosi ni yanu. Khadi ni yanga, na vidiyo ni ya ba mami. Mukazimya, muzakamba mweka na ba tcheya."

Pamenepo amayi analowa atanyamula beseni. Amayi amagulitsa mafiliziti, timadzi totsekemera toundana m'timapepala, ndipo ndi malaiti a chaka chimenecho kuti aundane inali nkhondo ya sabata yonse: firiji yosatsegulidwa, yofunditsidwa bulangeti malaiti akapita. Loweruka masana ndi pamene ankakawagulitsa ku bwalo la mpira. M'besenimo munali onse.

"Niike kuti?" anandifunsa.

Ndinayang'ana m'besenimo. Kenako ndinawaonetsa kumbuyo kwa fani, patali pang'ono, ndipo tinayala thaulo pansi kuti dontho lililonse lisaulukire m'bokosi. Mphepo inayamba kutuluka yozizira ngati ya m'banki.

"Mlongo, wafuntha?" anatero ba ankolo. "Bizinesi yako yonse usungunula chifukwa cha masobela ya uyu?"

"Achimwene, munakamba kuti Sondo. Lelo ni Chiwelu. Nkhalani pansi, muyembekeze monga ise."

Ndinali ndisanamvepo amayi akuwayankha chotero achimwene awo. Ba ankolo anayang'ana wogula, wogula anayang'ana kudenga. Anakhala pa bedi langa onse awiri. Nambala ija inatsika pang'ono, inachoka pofiira, n'kuima. Kamzere kankapitabe.

M'chipindamo munkangomveka fani ziwiri ndi malata akuthetheka ndi dzuwa. Mafiliziti a pamwamba atayamba kufewa, amayi ankawachotsa n'kukweza a pansi. Ofewawo anapatsa alendo. Wogula analandira lachikasu. Ba ankolo anakana, kenako anati, "Pakuti yasungunuka kudala," natenga lofiira. Anaboola ndi mano, akuyamwa maso ali pa kamzere. Patapita nthawi ndinawamva akufunsa chapansipansi kuti, "Manje ikafika paja ninshi yasila?"

Wailesi ya aneba inali chizindikiro changa. Ikangoti zii ndiye kuti malaiti apita. Dzuwa linali litayandikira pamutu. M'beseni munatsala madzi amitundumitundu m'timapepala tofota, ndipo nambala inayambanso kukwera. Dzanja linkandiyabwa kuti ndikoke kampiringidzo kachidutswa kena, tithamange. Ndinakhalira manja onse awiri. Kamzere kanafika kumapeto, kanaima ngati kakuganiza, kenako kompyuta inalira kabelu kake.

"Ba mami, yapsa!" ndinakuwa mpaka wogula anatsamwa.

Ndinaikopera pa fulashi msangamsanga, n'kuionera pang'ono poyamba, pakati ndi kumapeto. Zitenje zinali zitenje, milomo inkayenda ndi mawu. Ndikuzula fulashiyo, wailesi ya aneba inati zii. Ba ankolo anaimirira, milomo ili psuu ndi filiziti, nauza wogula kuti adzamuimbira.

Lamulungu anaionetsa pa TV yaikulu yobwereka, jenereta ikubangula kuseri kwa tchalitchi. Nyimbo sinamveke bwino chifukwa cha nthungululu. Mayi aliyense ankaloza mnzake, ba tcheya analamula kuti ibwerezedwe, ndipo azimayi a ku Chawama anayamba kufunsana kuti mwana wake ndi uti. Amayi sanaloze. Anangokhala chilili, atakonza duku, ngati mathithiwo anabadwa nawo. Ba ankolo anali kumbuyo ndi azibambo anzawo. Potuluka anandipeza pa mpanda.

"Manzi yonse yaja pa TV, ise kuno tiimilila pa kiosiki na vigubu," anatero. Anayang'ana kumbali. "Mayunitsi uzigula weka."

"Nizagula. Na mafiliziti ya ba mami nizabweza."

Lolemba m'mawa vaneti yawo inaima pamsewu monga mwa masiku onse, kutenga madakaboyi. Inaliza hutala kawiri, mwina mwa chizolowezi, mwina ayi. Ine sindinatuluke. Ndinali nditagwada pansi ndi pampu ya njinga, ndikupopa fumbi m'mano mwa khadi, nyimbo ya kwaya ya ku Chawama yoti ndiikonzere vidiyo ili pa fulashi m'thumba. Mnzanga wa pa msika anati ndibweze timipiringidzo pa liwiro la fakitale, apo ayi khadilo silikhalitsa. Sindinatibweze. Ndinamangitsa malegeni pa fani n'kukhala pansi kudikira kuti wailesi ya aneba ilire.