Nthochi za pamwala

Dzulo ku Ndirande ndinkanenerera kabokosi ka mkungudza. Ndinakanyoza monga mwa chizolowezi changa, mpaka wogulitsa anakatsegula kuti ndione m'kati. Fungo litangondifika, ndinakumbukira za ku Mulanje. Ine amene mavenda amandithawa, ndinalipira osatsitsa mtengo.

Ndili mwana ndinakwera phiri la Mulanje ndi amalume, omwe ankasenza matabwa a mkungudza. Kumtundako kunali udzu wofiirira ndi miyala yakuda yoterera, ndipo mitambo inali pansi pa mapazi athu.

"Mphwanga, ukapeza chakudya m'njira, udyere pomwepo," anandichenjeza. "Osaitana munthu, osanyamula. Eni phiri safuna zimenezo."

Iwo atatsikira kumtsinje kukamwa madzi, ndinaona nthochi zakupsa pamwala, phava lathunthu, zopanda ndi dontho lomwe la mame. Ndinadya imodzi. Basi mutu wa geni unayamba kugwira ntchito: zimenezi kusukulu zikhoza kutha pa buleki imodzi. Ndinazilowetsa m'malaya.

Mphepo inaleka. Mbalame zinangoti zii. Chifunga chinakwera kuchokera kuphompho, chinameza nsonga za phiri, kenako njira, kenako mwala womwe uja.

"Iwe! Uli kuti?" anakuwa amalume chakumanzere, kutali.

Ndisanatsegule pakamwa, mawu omwewo anamveka kumanja, pafupi kwambiri, mofatsa.

"Bwera kuno, mphwanga. Ubwere nazo."

Ndinaima chilili, nthochi zikuzizira pamimba panga, osadziwa kuti ndiyankhe amalume ati.