Chimphona Chobereka Anzake ndi Chitenje

Mwana wanga woyamba anayamba kukhala chete chaka chimene tinasamukira ku Maddington, kuno kutsidya kwa nyanja. Kunyumba ankayankha ndithu, koma mawu amodziamodzi ngati akuchita kugula. Aphunzitsi ake ankati ndi mtsikana wabwino, savuta, pa buleki amakhala yekha pansi pa mtengo. Iwo ankanena ngati akumuyamikira, koma ine mawu akuti yekha amenewo ankandilasa. Anali ndi zaka khumi. Bambo ake amagwira ntchito kumigodi kumpoto, amapita pa ndege, amabwera atatopa, ndiye masiku ambiri tinkakhala atatu, ine, iye ndi mlongo wake wakhanda.

Tsiku lina anandiuza kuti ku laibulale Loweruka lililonse ana amachita sewero la patebulo, akufuna azipita. Chifikireni kuno anali asanandipemphepo kanthu. Ndinavomera msangamsanga, mantha anabwera pambuyo tili kale m'basi.

Zimene ndinaona tsiku loyambalo, abale! Ana asanu azungulira tebulo, pakati ayala chipepala chojambula mapanga ndi mitsinje, pamwamba pake tizidole tating'ono ngati chala, tina tanyanga, tina tamapiko. Ndiye madayisi, osati a ludo timawadziwa aja, awa ansonga zambirimbiri, ena ofiira psuu. Wotsogolera anali mtsikana wogwira ntchito pomwepo, tsitsi lopaka buluu, mphuno yoboola, akusinthasintha mawu, pena ngati nkhalamba, pena ngati chilombo. Iye amasimba nkhani, mwana aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, amanena chimene munthuyo achite, n'kuponya dayisi kuti aone ngati zatheka. Kwathu munthu woponya tinthu pansi kuti adziwe zimene zichitike timamudziwa, ndipo kumeneko sitipita ndi ana.

Ndinafuna kumugwira dzanja tizipita. Koma ndinamuona akuseka, atabisa pakamwa ndi chikhatho, ndiye ndinangokhala pampando wa pakhomo, pulamu, kangolo kokankhira khanda, pambali, maso patebulo.

Pobwerera ndinamuikira malamulo anga. "Uzipita, koma munthu wakoyo za matsenga ayi. Kuba ayi. Lupanga, mkondo, chilichonse chokhetsa magazi ayi."

Iye Chichewa amamva, koma amayankha Chingerezi cha kuno chotulukira m'mphuno chija. Anati, "Mami, ndiye azichita chiyani?"

"Aziyenda nawo. Kuyenda n'kulakwa?"

Ndipo anayenda nawodi. Masabata angapo munthu wa mwana wanga ankangotsatira anzake ndi ndodo m'manja. Ena akulimbana ndi zilombo, iye waima kumbuyo. Ikafika nthawi yake, wotsogolera uja amafunsa, "Iwe ukuchita chiyani?" mwana wanga n'kuti, "Ndikudikira." Panali mnyamata wina watsitsi lofiira, munthu wake anali wamatsenga, woponya moto ndi manja. Tsiku lina anati, "Munthu wakoyu amangotithera chakudya." Chingerezi changa n'chapansi, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma mawu onyoza mwana wako umawamva m'chinenero chilichonse. Wotsogolera anamudzudzula pomwepo, mnyamatayo anapepesa, koma mwana wanga anali atalowa kale m'chigoba.

Tikutuluka anandiuza kuti, "Sindibweranso." Kuchotsa malamulo anga ndinkaopa, ndikanagona bwanji mwana wanga akuyeseza zamatsenga? Kumusiya abwerere kukhala yekha, ndiye ndinkaopa koposa. Tili pakhomo pomwepo, mtsikana watsitsi labuluu uja anatithamangira ndi chibuku cha malamulo a sewerolo, chachikulu ngati Baibulo la paguwa. Sanandifunse chifukwa chake ndimaletsa, sanandiyang'ane ngati wotsalira. Anangomupatsa mwanayo n'kunena kuti, "Pita nalo, upange munthu watsopano. Malamulo a mayi ako usawaphwanye. Koma werenga bwino, bukuli lili ndi zimene linaiwala kunena."

Sabata imeneyo mwanayo anakhala chafufumimba pansi m'khitchini, buku patsogolo, pensulo kukamwa. Ine ndikuphika ndikumudumpha. Kenako mafunso anayamba.

"Mami, kumudzi mukabereka mwana kumbuyo mumatha kuthamanga?"

"Ngati mvula ikubwera, bwanji osathamanga?"

"Manja onse awiri amagwira ntchito?"

"Nanga tinkasinja ndi chiyani, ndi mano?"

Anaseka, n'kulemba. Ine osadziwa kuti akundilowetsa m'nkhani.

Lachisanu anandikhazika pansi kuti andifotokozere, akuti ndisadzati wandibisira. Popanga munthu, bukulo limakupatsa mapointi ochepa oti ugawe, ena ku mphamvu, ena ku liwiro, ena ku nzeru, ena ku kuyankhula bwino. Anzake ankagawa pang'onopang'ono paliponse. Iye anakokolola onse n'kuthira ku mphamvu ndi kulimba kwa thupi, ku nzeru n'kusiyako zochepetsetsa zimene bukulo limalola.

Ndinati, "Iwe, mwana wanga ine, ukasankhe kukhala chitsiru pamaso pa azungu?"

"Mami, nzeruzo ndili nazo ndine. Iyeyu akungofunika msana."

Anasankha mtundu wa ziphona, chifukwa tsamba lina limati chimphona chimanyamula kawiri kuposa munthu wamba. Anasankhanso ntchito ya wamtengatenga, chifukwa tsamba lina, kutali ndi loyambalo, limati wamtengatenga amanyamula kawiri. Palibe pamene analemba kuti ziwirizi sungaziphatikize. Lupanga ndinaletsa, ndiye anatenga zishango ziwiri, china kudzanja ili, china kudzanja ilo, poti bukulo silinanene kuti chishango chikhale chimodzi. Ndipo pa katundu wogula anasankha chinthu chimene palibe mwana anachiyang'anapo, nsalu yaitali. Ndinafufuza pomulakwitsa, matsenga mulibe, kuba mulibe, magazi mulibe. Ndinangoti, "Chabwino," koma mtima uli m'mwamba.

Tsopano ndinene za chitenje changa. Titangofika kuno ndinalowa m'sitolo khanda lili kumbuyo, mayi wina n'kundigwira paphewa, akuti mwanayu agwa, akuti n'zoopsa. Mwina ankanena mwachifundo. Koma ine ndinali nditamva kale kwa amayi akutchalitchi kuti kuno aboma akakuona ukusamala mwana mosayenera amabwera kunyumba. Kaya n'zoona kaya ayi, sindinafune kudziwira pa mwana wanga. Kuyambira tsiku limenelo panja ndinkayenda ndi pulamu basi, chitenje ndikuchipinda n'kuchibisa pansi pake. Kubereka kunali kwa m'nyumba, makatani otseka.

Loweruka nkhani inafika poti anthu a ana aja ali m'phanga, denga likugumuka, madzi akukwera. Mwala unagwera wamatsenga wa mnyamata watsitsi lofiira uja, mwendo n'kuthyoka. Wotsogolera anawerenga lamulo. Wonyamula mnzake wovulala amamunyamula m'manja, manja onse amatsekeka, liwiro limatsika ndi theka. Ndi liwiro limenelo onse awiri amira. Mnyamatayo anafiira makutu. Munthu ameneyo anali atasewera naye chaka chathunthu. Ana ena anayamba kunena kuti palibe chochita, amusiye.

Mwana wanga anakweza chala. Mawu ake anali aang'ono, ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Sindimunyamula m'manja. Ndimumanga kumsana ndi nsalu."

Anatsegula bukulo pamene anaikapo kachingwe. Chomangidwa kumsana ndi katundu. Katundu satseka manja, satsitsa liwiro, bola asapitirire mlingo wa mphamvu zako, ndipo mlingo wa chimphona chake unali woti chikhoza kusenza ng'ombe. "Ndipo palibe pamene akunena kuti katundu asakhale wopuma."

Tebulo lonse linaphulika. Wina akuti n'kubera, wina akuti si kubera, n'kuwerenga. Mnyamata yemwe ankapulumutsidwayo ndi amene anakana kwambiri, eti. Anati, "Nsalu chabe? Popanda lamba, popanda chingwe? Ndigwa ine!"

Wotsogolera anatsegula tsamba ili, tsamba ilo, akuseka yekha. Kenako anati, "Bukuli silikuletsa. Koma patebulo panga, chimene buku silinanene, mwini wake ationetse kuti chimatheka."

Mwana wanga anatembenuka, n'kundiyang'ana ine pakhomo paja. Anayankhula Chichewa, pagulu, chokhotakhota koma Chichewa. "Mami, taaonetsani."

Ndinayang'ana kukauntala, kunali ogwira ntchito awiri. Ndinayang'ana kudenga, kunali kamera. Ndinaganiza za mayi wa m'sitolo uja, ndinaganiza za galimoto yaboma itaima pakhomo pathu bambo ake ali kumigodi. Koma mwanayo anali akundiyang'anabe, ndipo ndinadziwa kuti ndikapukusa mutu atseka bukulo, basi kwatha.

Ndinasolola chitenje pansi pa pulamu. Ndinawerama, khanda ndinalitsetsereza pamsana, nsalu ndinaiponya, mbali ina paphewa, ina kukhwapa, kukoka, kumanga pachifuwa, kukonza kumatako kuti likhale bwino. Manja anachita okha, mutu unali kwina. Ndinatenga mpando kudzanja lamanja, wina kumanzere, n'kuzungulira tebulo. Khandalo linali likuyamwa chala, osadziwa kuti lili pa mlandu.

Mnyamata uja anati, "Koma khanda n'lopepuka. Wanga ndi munthu wamkulu."

Mwana wa eni ake sindikanamugwira, zimenezo ayi. Ndinamasula khandalo n'kuligoneka mu pulamu, ndinagwada pang'ono, n'kuuza mwana wanga kuti, "Kwera iwe."

Anazengereza, kenako anakwera. Ndinali ndisanamubereke chichokereni kumudzi. Miyendo yake inkandimenya m'mawondo, chitenje chinangokwana movutikira, mfundo yake kakang'ono. Koma inagwira. Ndinanyamula mipando ija, ndinazungulira tebulo mothamanga ndithu, ana akukuwa, ndipo pakhosi panga ndinamva mpweya wake wotentha, akuseka, kuseka kwenikweni kogwedeza nthiti. Wogwira ntchito mmodzi wa kukauntala anabwera. Anangoti tichepetse phokoso, n'kufunsa ngati mfundoyo siipweteka pachifuwa, akuti mwana wake wamkazi ali ndi khanda lokana pulamu.

Wotsogolera anati, "Ndaona. Ponya dayisi."

Linagubuduka n'kuima. Nambala yake sindinaione, ndinali ndikupuma, koma ndinamva kukuwa. Chimphona chija chinatuluka m'phanga, zishango ziwiri pamwamba kutchinga miyala, wamatsenga ali kumbuyo ngati mwana wopita kusikelo.

Mtsikana watsitsi labuluu uja anakweza chala n'kuti, "Koma kuyambira lero, lamulo la patebulo pano, kumsana munthu mmodzi yekha."

Mwana wanga anatsegulanso bukulo. "Za pamutu silinanene kanthu. Mami amasenzanso pamutu."

"Ayi! Ayi! Tseka bukulo!"

Mtsikana ameneyo sindinamuthokoze mokwanira, Chingerezi chinandithera pakamwa. Ndinangomugwira dzanja ndi manja anga awiri, n'kupinda bondo pang'ono monga timachitira kwathu, iye n'kuchita manyazi. Akanatha kunena kuti lamulo ndi lamulo. Akanathanso kundiuza kuti zoletsa zangazo n'zachikale. Sanachite zonsezo.

Sabata yotsatira ana ankalimbirana kuti abereke ndani. Zinapezeka kuti woponya mivi akakhala kumsana kwa chimphona amalasa bwinobwino, ndipo chilombo chofuna kumugwira chiyambe chadutsa zishango ziwiri. Ndinati ndifunse ngati kubereka munthu wamivi si kukhetsa magazi komwe ndinaletsa kuja. Ndinaganiza, ndinaganiza, n'kungozisiya. Wolasayo ndi mwana wa eni, wanga akungonyamula.

Titamaliza, kamtsikana kena ka patebulopo, mwini wa woponya mivi uja, kanabwera ndi mayi ake. Akuti mwana wanga apite kwawo Lamlungu masana, akapange limodzi anthu atsopano, akuti wangayu ndi amene amadziwa kuwerenga bukulo. Kwawo ndi ku Ellenbrook, kutali, sindinafikeko, anthu ake sindiwadziwa. Mantha anayambiranso pomwepo, kuchokera kumapazi. Mwana wanga anaima pambali, sanandipemphe, anangogwira lamba wa chikwama chake mwamphamvu.

Ndinafunsa ngati kunyumbako kuli galu. Anati aliko, koma ndi wokalamba, alibe mano. Ndinafunsa ngati kuli dziwe losambira. Anati kulibe. Ndinafunsa kuti abambo a m'nyumbamo adzakhalapo, ndinafunsa kuti adzadya chiyani, ndinafunsa kuti adzabwera naye okha kapena ndikamutenge pa sitima. Mayiyo anayankha zonse, osatopa, akumwetulira. Mafunso anandithera.

Ndinati, "Apite."