Magudumu a Nsalu a Achimwene

Kukamacha, achimwene ankatsegula kashedi kawo, kuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone, n'kuzungulitsa mwala wa gilayinda ndi chala, khutu lili tcheru kumva ngati wang'aluka. Kenako ankakhala pabenchi kudikira mipeni. Ananola zaka makumi atatu.

Pang'ono ndi pang'ono anthu analeka kubwera. Mipeni ya masiku ano ikabuntha amangotaya. Tsiku lina ndinawapeza akunola sizasi yawo yomwe, yakuthwa kale.

"Mlongo," anatero, "anthu safunanso zakuthwa, akufuna zonyezimira. Makinawa ndiwatembenuza mtima."

"Muwabatizanso?"

"Iwe ndiwe wakutchalitchi, ubwere ndi madzi."

Anachotsa zotchingira ndi miyala yonse iwiri. Nati ya kumanzere inawavuta masiku awiri, osadziwa kuti imamasuka mobwerera. Ankangoimangitsa uku akuitukwana. Ine ndinadula mathalauza akale mozungulira, ndinasanjikiza nsalu makumi anayi n'kusoka pamodzi, mpaka anakhala magudumu awiri. Anawamanga pamakina, n'kuwapaka polishi wouma, n'kuyesa pa ketulo yanga yakuda ija. Ndinadziona nkhope. Tinaseka ngati ana.

Mwezi umenewo kunabwera mapoto, zogwirira zitseko, ngakhale lipenga. Ndine ndinawatengera chofukizira lubani cha kutchalitchi, chokhala ndi matcheni atatu.

Koma manja awo anali a munthu wonola. Anazolowera kugwira chitsulo mwamphamvu n'kuchikanikiza pamwala, chifukwa mwala umangodya, sugwira. Nsalu imagwira. Popukuta chofukiziracho anakulunga tcheni kuzala kuti chisapulumuke, n'kukanikiza. Gudumu linakoka tcheni, tcheni n'kukoka dzanja. Zala zitatu za kumanja zinatsala pomwepo.

Atatuluka m'chipatala ankatsegulabe shedi, kuwaza madzi, n'kukhala. Wobwera ndi poto ankaona dzanjalo, n'kunena kuti amangodutsa. Sipanala inkawagwa. Ndinkawapempherera, iwo n'kumati, "Usawatopetse Ambuye, mlongo, zala sizimera."

Anamwalira chaka chatha, nyengo yozizira. Makina tinawaphimba ndi thumba.

Kutatsala milungu ingapo kuti amwalire, ndikuwamangira mabatani, anandigwira mkono ndi zala ziwiri zotsalazo.

"Undisokere gudumu limodzi lokha, laling'ono, la nsalu yofewa. Malaya oyera a malemu alamu aja ukusungabe m'sutikesi, eti? Chofukizira chija sindinamalize, mbali imodzi idakali yakuda."

Ndinamanga batani lomaliza, ndinapita kukatenga tiyi.